Tsiku Limene Bambo Ako Anakhalira Foni Yanga

Wokondedwa mwana wanga,

Ndiyambe ndi kukufunsa moyo. Muli bwanji kumeneko, iwe ndi mpongozi wanga ndi kamdzukulu kanga? Chifuwa chija chinamusiya mwanayo? Kuno tadzuka. Ine ndi miyendo yokha ikudandaula monga mwa masiku onse, koma ndikuyenda. Bambo ako akudya bwino, akugona bwino, ndipo mankhwala sakudumphitsa.

Ndikudziwa kuti wadabwa kulandira envulopu. Mwina wayamba waitembenuza uku ndi uku kufunafuna podina. Mtima m'malo, kuno kulibe zovuta. Ndalemba papepala chifukwa ndikufuna undimve mpaka kumapeto, osandidula pakamwa.

Uthenga wako unandipeza. Anabwera nawo ndi azakhali ako, nkhope ili gwa ngati wapolisi. Akuti wanena kuti ndikapanda kuyatsa foni ndi kubwezeretsa kamera kuchipinda, utumiza galimoto idzatenge bambo ako akakhale kwa azakhali akowo, poti ine ndatopa ndipo ndayamba kubisa matenda.

Ndamva, ndipo yankho langa ndi lakuti ayi. Foni sindiyatsa mmene ukufuniramo, kamera sindibwezeretsa, ndipo mwamuna wanga sachoka m'nyumba muno. Koma poti ndinakubereka ndine, sindingangokukanira ngati munthu wongokumana naye pamsewu. Khala pansi ndikufotokozere mmene zinayendera.

Bambo ako umawadziwa. Zaka zonse zimene akhala akumeta anthu, lumo ndi pakamwa zinkayendera limodzi. Munthu ankalowa mu shopu kudzangochepetsa ndevu, n'kutuluka akudziwa chimene chinagonjetsa timu yake, amene akukwatira ndani, ndi chifukwa chake mvula yachedwa. Akafika kunyumba ankapitiriza pamene analekezera. Ine ndinkapempha Mulungu kuti awaikire kabatani kozimitsira. Sitiroko itawagwira n'kuwalanda mkono wamanja ndi mawu, ndinalira m'khonde la chipatala ndikuuza Mulungu kuti zijazi ndinkangocheza.

Titatuluka m'chipatala, iwe unachita zimene mwana wabwino amachita akakhala kutali. Unanditumizira chifoni chachikulu ngati thireyi, unatsegula gulu loti abale azimva za odwala, ndipo unatuma mmisiri kudzakhoma kamera pamwamba pa chitseko cha kuchipinda. Sindikunyoza. Inenso poyamba ndinkaona ngati ndapeza ondithandiza kusenza.

Gululo linayamba ndi ife a m'nyumba. Kenako azakhali ako analowetsamo anzawo a kwaya, a kwaya analowetsamo abale awo, wina analowetsamo makasitomala a ku shopu. Mwezi usanathe munali anthu oti nditakumana nawo panjira sitingapatsane moni.

Ndipo aliyense anali dokotala. Uyu akuti ndiwapatse adyo wosinja ndi uchi. Uyo akuti adyo ndi amene anamaliza amalume ake. Wina akutumiza kanema wa munthu wovala jekete loyera amene akuti sitiroko imathawa ukamatsina khutu. Wina pemphero loti ndilitumize kwa anthu ena dzuwa lisanalowe, apo ayi ndisadzadandaule. Azakhali ako ndiye ankajambula mawu aatali oti utha kuchapa, kuyanika ndi kuanula iwo akadali pa moni. Ukachedwa kuyankha, ankatumiza ena ofunsa ngati walandira oyamba aja.

Mlongo wako ankafuna manambala a bipi m'mawa, masana ndi madzulo, limodzi ndi chithunzi cha makinawo poti maso anga sawakhulupirira. Iwe unkaimba pa nthawi yopuma kuntchito n'kundiuza kuti waona pa kamera kuti pilo wapendekeka.

Ndinasanduka mlembi wa matenda a mwamuna wanga, supuni kumanja, foni kumanzere. Madzi ankawira mpaka kuphwa pamoto ine ndili kuthokoza anthu osawadziwa.

Tsono pali chinthu chimene kamera yako sinakuonetse. Mawu a bambo ako sanafe, anangosamukira kutali. Akafuna kunena kanthu amayamba akweza nsidze, kenako milomo imagwedezeka, n'kutuluka kachidutswa koyamba. Pamenepo pamafunika munthu woti awayang'ane m'maso n'kudikira. Liwu limabwera pang'onopang'ono ngati munthu wokwera masitepe atasenza katundu. Ukangocheuka, limagubuduka n'kubwerera pansi.

Ndiye foni ija inkachita ngati ikuwaonera. Iwo akangoti "Mu... mu...", iyo nayo yalira. Ine maso pansi, ndikuti dikirani kaye bambo, ndi mwana uyu. Podzutsa mutu, iwo atseka pakamwa, akuyang'ana pazenera. Ndikafunsa kuti mumati chiyani, ankangokupiza dzanja lamanzere kuti zisiye.

Patapita milungu anasiyiratu kuyesa. Ukukumbukira mmene gulu linatekesekera. Aliyense ankati odwala abwerera m'mbuyo, ndipo mankhwala ndi makanema zinachuluka kuposa kale.

Kenako linafika Loweruka lija limene munandiimbira tsiku lonse osandipeza. Ndinali nditawasambitsa n'kuwakhazika pa mpando wawo wa pabalaza, pafupi ndi tebulo. Ndinatuluka kukataya madzi. Pobwerera, foni palibe patebulo.

Ndinafuna pansi pa bedi, m'dengu la zochapa, mpaka mu filiji. Nditawafunsa ngati aiona, anandiyang'ana ndi nkhope ya mngelo. Ndinapita kwa anzanga a khomo loyandikana nafe, mayi atelala aja, kukawapempha kuti abwere aimbe nambala yanga. Foniyo ndinali nditaichotsa mawu kuti ingonjenjemera, ndiye tinaima pakati pa balaza titatchera khutu.

Tinkamva kulira kwapansipansi ngati njuchi yotsekeredwa m'botolo, koma osadziwa kumene kukuchokera. Atelala ndi amene anayamba kundikodola. Bambo ako ankanjenjemera pang'ono pampando, maso ali kudenga ngati akuwerenga malata. Anali ataikhalira.

Ndinati, "Bambo, tadzukani pamenepo."

Anati, "Ayi."

Liwu loyera bwino, lopanda kukokera, loyamba kulimva patapita nthawi yaitali. Dzanja lamanzere linagwiritsa mpando mpaka mitsempha kuoneka. Atelala anaseka mpaka kutsamira chitseko, n'kubwerera kwawo akupukuta misozi.

Ine sindinaseke. Ndinawauza kuti ana ada nkhawa, anati ayi. Ndinawauza kuti nthawi yotumiza manambala yakwana, anati ayi. Munthu wamkulu ngati uja sindikanatha kumunyamula, choncho ndinakoka kampando n'kukhala moyang'anizana nawo, nditafufuma, kuti tione amene ayambe kutopa.

Ndikuuze zoona, manja anga anasowa pogwira. Chala chinkachita kuyabwa. Foni ikanjenjemera pansi pawo, mtima wanga unkadumpha ngati mwana walira kuchipinda. Iwo ali phee, kumangondiyang'ana.

Tinakhala choncho mpaka tiyi anazizira m'makapu. Kenako nsidze zija zinakwera. Anati "Mu... mu...", ndipo ulendo uno ndinalibe kothawira maso. Ndinadikira. Thukuta linatuluka pamphumi pawo. Liwu linabwera m'zidutswazidutswa mpaka linakwana: "Musandionetse."

Sindinamvetse. Ndinafunsa kuti ndisakuonetseni chiyani. Analoza kuchipinda kumene kunali kamera, analoza pansi pa mpando, kenako anagwira nkhope yawo mbali imene inagwa, kumene malovu amatsikira. Pomaliza anasisita mutu. Mutuwo ndinkawameta ndine ndi sizasi yodulira nsalu, ndipo unkaoneka ngati udzu umene mbuzi yadyako n'kuusiya.

Mwana wanga, munthu amene moyo wake wonse sanalolepo kasitomala kutuluka pakhomo ndi mzere wokhota, ife tinkamujambula m'mawa ndi madzulo, malovu ali pachibwano, thewera likuonekera m'chiuno, n'kumatumizira a kwaya kuti aikepo timanja topemphera. Anthu amene ankawameta ali ana ankawaona choncho. Milungu yonse ija ankavutikira liwu limodzi lomweli, ndipo panalibe amene analidikira.

Sindikhala pano n'kumadziguguda pachifuwa, ndipo iwenso sindikukuimba mlandu. Tonse tinkati ndi chikondi. Koma mwiniwake wayankhula, ndipo ine ndinamumva ndi makutu angawa.

Masana omwewo ndinakwera patebulo ndi miyendo yangayi n'kuzula kamera. Foni anandibwezera itatentha ngati buledi wongophula kumene. Ndinalemba uthenga umodzi pagulu wothokoza onse ndi kuwauza kuti odwala apempha kupuma. Atelala anandionetsa potulukira, ndinatuluka. Kenako ndinaizimitsa n'kuiika m'kabati ya mbale za alendo.

Masiku oyamba sanali ophweka. Ndinkamva foni ikulira m'thumba la diresi lopanda kanthu. Ndinkapezeka ndaima pa kabati osadziwa chimene ndadzera. Bambo ako akandiona choncho ankatsokomola dala, ine n'kubwerera ndi manyazi kukakhala pansi.

Koma mawu anayamba kubwera. Loyamba linali lakuti "mchere", kudandaula za supu, ngakhale akudziwa kuti adokotala analetsa. Tsiku lina anandiuza kuti ndizimitse wailesi poti woulutsa mpira akunama. Tsiku linanso anandiitana dzina lija ankandiitana usanabadwe, limene sindikuuza. Mayi wa mafizo, amene amawawongola ziwalo, atabwera anadabwa, nafunsa kuti tasintha mankhwala ati. Ndinamulozera kabati.

Kenako m'mawa wina anati, "Shopu." Ndinayesa kuwazembetsa kuti kunja kuli mphepo, koma anabwereza mpaka ndinagonja. Ndinawaveka malaya oyera aja a kolala yolimba ndi chipewa chobisa ntchito ya manja anga, n'kuwakweza pa njinga ya odwala.

Msewu wathu ukuudziwa, simenti yake inasweka ndipo matayala ankakodwa paliponse. Tinadutsa pa okonza nsapato, pa golosale, mpaka pa ngodya paja pali mpopi wodontha. Amene ankatipatsa moni, bambo ako ankawakwezera dzanja ngati bwana woyendera ntchito.

Shopu ili mmene unaisiyira. Galasi lija long'aluka pakona likadalipo, fungo la sipiriti ndi lomwe lija, ndipo akuyendetsa ndi mnzawo wakale uja munkamutcha Adazi. Pabenchi panali anthu odikira, aliyense mutu uli pa foni. Mmodzi atawazindikira bambo ako anayamba kukweza foni kuti ajambule. Ndisanatsegule pakamwa, Adazi anamuuza kuti aibweze m'thumba, ndipo amene akufuna kujambula akamete kwina.

Anawakhazika pa mpando waukulu uja n'kuwakulunga nsalu m'khosi. Atavula chipewa, Adazi anandiyang'ana n'kufunsa ngati ndinachita kuwakwiyira. Anayatsa makina n'kuyamba kumeta mosamala, bambo ako akutsatira chilichonse pagalasi.

Atafika pamphumi, nsidze zija zinakwera. Ndinagwira Adazi pamkono, iwo anazimitsa makina. Shopu yonse inati zii. Tinadikira, anthu a pabenchi nawonso anadikira, ena kukamwa kuli yasa. Bambo ako analoza pagalasi n'kunena kuti, "Wa... khota."

Adazi anayang'anitsitsa mzerewo, napeza kuti ndi zoona. Anati, "Inu matenda anakulandani zonse, koma mwano anakusiyirani." Anthu anaseka, bambo ako anaseka ndi mbali imodzi ya nkhope mpaka mapewa kugwedezeka. Atawaphimba thaulo lotentha, anakhala nalo kumaso nthawi yaitali kuposa mmene amachitira anthu, ndipo palibe amene anawafulumizitsa.

Tsopano za azakhali ako. Anafika pakhomo foni ili kale m'mwamba, akuti ajambule umboni woti akutumizire. Ndinaima pakhomo n'kuwauza kuti alamu, foni m'chikwama, apo ayi tichezere panja pompano. Anati ndawatsekera achimwene awo ngati mkaidi, ndipo magazi ndi awo, ine ndine wobwera. Ndinawayankha kuti wobwerayo ndi amene amasintha thewera, ndipo khomo ndi lotsegula kwa aliyense wobwera ndi maso ndi makutu.

Analowa akung'ung'udza. Anakhala pafupi ndi bambo ako n'kufotokoza uthenga wako wonse mokweza, ngati sitiroko inagwira makutu. Atamaliza, bambo ako anakweza nsidze n'kuti, "Ndi... ndi..."

Azakhali ako anayamba kuwamalizira. Ndikumva kupweteka? Ndikufuna kuchipatala? Ndatopa ndi nyumba ino? Bambo ako anatsinzina. Ndinati alamu, tangokhalani chete pang'ono, liwu lili m'njira. Anakhaladi chete, koma chikwama chinayamba kunjenjemera pamiyendo pawo. Anapirira pang'ono, kenako anatsegula zipi n'kuweramira m'katimo.

Ali choweramira choncho, bambo ako anamaliza, akuyang'ana ine: "Ndikhala pano."

Choncho akakuuza kuti anakhala nawo masana onse osamva liwu ndi limodzi lomwe, sakunama. Iwo sanamve.

Mwana wanga, mantha ako ndikuwadziwa. Tsiku limene bambo ako anagwa unali kutali, ndipo unamva nkhaniyo mochedwa. Kuyambira pamenepo umafuna kuona chilichonse ndi maso ako, kuti china chisadzachitikenso iwe osadziwa. Usiku wa tsiku limene ndinazula kamera ndikudziwa kuti sunagone. Zimenezo zimandipweteka, chifukwa ndiwe mwana wanga. Koma sindingachize mantha ako ndi manyazi a bambo ako.

Ndiye tamvera mmene zikhalire. Lamlungu lililonse masana ndizitulutsa foni m'kabati. Uziimba ya mawu okha, pokhapokha iwo anene okha kuti akufuna uwaone. Uziimba utakhala pansi, osati ukuyendetsa galimoto, osatinso zala zili pa kompyuta, chifukwa kugogoda kwa mabatani ndimakumva ndipo iwonso amakumva. Akayamba liwu, usawamalizire. Kukakhala chete usafunse kuti mukundimva, netiweki siinathawe, ndi bambo ako akubwera.

Pakachitika chadzidzidzi, ndidzakuimbira ndekha nthawi yomweyo, usanamve kwa wina aliyense. Ukakhala ndi chofulumira, imbira atelala, angogogoda khoma ine ndamva. Bipi akuyeza ndi anamwino a ku kiliniki, ndipo akuti ili bwino. Mlongo wako ndamuuza zomwezi. Analira, anakwiya, koma Lamlungu lapitali anaimba ndipo anadikira mpaka bambo ake anamufunsa ngati mwamuna wake wayamba kugwira ntchito kapena akadali kuganiza.

Za galimoto ija, usavutike kuitumiza. Ikabwera, dalaivala ndidzamupatsa madzi akumwa n'kumulozera njira yobwererera. Ukafuna kundikwiyira, kwiya, ndinakulera uli ndi zaka zovuta ndipo sindinafe. Koma bambo ako si katundu woti azisamutsidwa pa foni.

Ndisanatseke, kalatayi ndinawawerengera yonse. Pa nkhani ya mbuzi ndi udzu anagwedeza mutu kuvomereza, zimene sizinandisangalatse. Kenako ndinawafunsa ngati ali ndi mawu oti ndikuikire. Ndinaika cholembera pansi n'kudikira.

Ndinkayembekeza kuti anena zoti akusowa, kapena zoti usade nkhawa. Iwo anafunsa kuti, "Ndani... akumumeta?" Akuti nthawi zonse unkaimba pa kanema, iwe uli kalikiliki kuwayang'ana pakamwa, iwo ankayang'ana m'mutu mwako, ndipo zimene anaona zinawadwalitsa kuposa sitiroko.

Ndinawauza kuti nanga mutani, poti mkono wometera ndi umene unagona. Anakweza dzanja lamanzere n'kulitembenuza uku ndi uku. Ndiye kuti ku shopu, kumene tsopano timapita kawirikawiri, ayamba kale kuyeserera kugwira makina ndi dzanja limenelo. Akuphunzirira pamutu pa Adazi, poti pamenepo palibe choti angawononge. Bambo ako anatenga nthawi, koma mawuwo anamaliza okha popanda wowathandiza: "Abwere. Ndidzamukonza."

Undiperekere moni kwa mpongozi wanga, umuuze kuti juzi imene anatumiza bambo ako sakuivula. Kamdzukulu kanga ukapsompsone pamphumi. Mulungu akusungeni nonse, akupatseni mphamvu pa ntchito ndi tulo tabwino.

Tchuthi ukachipeza, bwera. Ndipo kuyambira lero usamete.

Ndine amene ndinakubereka,
Mayi ako